Garmin eTrex 32x: Ya Kutchire, Osati ya mu Cairo Road

Kwa opita ku Kafue National Park, ku Lower Zambezi kapena kokaweza nsomba ku Siavonga, kachipangizo ka m'manja kolondolera njira aka n'kodalirika. Kamalandira GPS ndi GLONASS kuchokera ku masetilaiti, choncho netiweki ya foni ikatha kamagwirabe ntchito. Mabatire ake ndi AA awiri, amene amakhala mpaka maola 25. Gulani a lithium kapena a NiMH ochajanso, ndipo musankhe mtundu wa batire mu Setup, apo ayi chizindikiro cha moto wotsala chimanama. Mvula sikaopa: ndi IPX7, kamapirira m'madzi akuya mita 1 kwa mphindi 30, koma sikayandama, ndiye m'boti kamangirireni chingwe.

Mapu ndiye nkhani yaikulu. Ambiri obwera nako kuchokera ku Ulaya kapena ku America amapeza kali ndi mapu a kumeneko. Ikani a Tracks4Africa, omwe ndi mapu a njira za mu Africa, pa kadi ya microSD. Mukamayerekeza ndi mapu akale a pepala a Zambia, onani datum, yomwe ndi maziko owerengera malo pa mapu: ambiri ndi Arc 1950, pomwe kachipangizoka kamayambira pa WGS 84, ndipo malo amasiyana mamita mazana angapo.

Poyendetsa galimoto mu Lusaka sikakuthandizani kwenikweni. Sikirini ya mainchesi 2.2 ndi yaing'ono, ndipo sikalankhula, kamangolira pokhota.