Kudula COF pa siteshoni yoyezera galimoto: ndalama zimathera pati?

Mwini galimoto aliyense m'Malawi muno amadziwa kuti pagalasi lakutsogolo pamakhala timapepala tiwiri timene wapolisi wapamsewu amayamba kuyang'ana: ka inshulansi ndi ka COF, chiphaso chotsimikiza kuti galimotoyo ndi yoyenera kuyenda pamsewu. COF ya galimoto yapakhomo imatha pakapita chaka, pomwe minibasi zimayezedwa miyezi 6 iliyonse. Kale ntchito yoyeza inkachitikira ku maofesi a Road Traffic kokha, koma masiku ano pali makampani amene boma linawapatsa chilolezo choyeza galimoto, ndipo zotsatira zake zimalowa m'makina a kompyuta osunga mbiri ya galimoto otchedwa MALTIS, omwe nthambiyi inayamba kugwiritsa ntchito mu 2015. Ndemanga iyi ndi ya siteshoni imodzi yotero ya mumzinda wa Lilongwe, kumene ndinapititsa Toyota Sienta yanga COF itatsala pang'ono kutha.

Ndalama imene ndinalipira pakauntala, yoyezera pamodzi ndi ya chiphaso, sinafike pa ndalama yodzazira thanki ya petulo, ndipo anandipatsa lisiti popanda kuchita kuwakumbutsa. Anapempha blue book ndi chiphaso cha inshulansi, kenaka mnyamata wina anakayerekeza nambala ya chassis ndi imene yalembedwa papepala. Mbali imeneyi inayenda bwino, ndipo palibe wogwira ntchito amene anandinong'oneza za kangachepe.

Chimene chinandikhutiritsa kwambiri ndi kayezedwe kake. Galimoto inakwezedwa pa zitsulo zozungulira zoyezera mabuleki, ndipo mphamvu ya tayala lililonse inkaoneka pa kompyuta, moti panalibe mpata wokangana kuti buleki ikugwira kapena ayi. Anayang'ana magetsi onse, hutala, ma wiper, malamba ndi ma reflector, kenaka anaimika galimoto pamwamba pa dzenje, woyeza n'kutsikira pansi ndi tochi. Patapita kanthawi anandiitana kuti, "Bambo, tatsikani mudzaone nokha." Anauza mnzake kuti agwedeze chiwongolero, ndipo ndinaona ndi maso anga tie rod end yakumanzere, chitsulo cholumikiza chiwongolero ndi tayala, ikusewera, labala yake itang'ambika, girizi atauma n'kusakanikirana ndi fumbi. Anandionetsanso tayala lakutsogolo lomwe kunja linkaoneka labwinobwino koma m'kati linali litadyeka mpaka waya kuyamba kusuzumira. Galimotoyo inalephera, ndipo woyezayo analemba zolakwika zonse papepala momveka bwino, mosanyoza komanso mosapereka mpata woti tikambirane zapambali. Aliyense amene amayenda mumsewu wa M1 pakati pa Lilongwe ndi Dedza, momwe muli zitunda ndi malo okhota, akudziwa tanthauzo la chitsulo chachiwongolero chikaduka galimoto ili pa liwiro, choncho sindikuona chifukwa chodandaulira kuti anandibweza.

Apa ndi pamene mtengo weniweni wa COF umaonekera. Ndalama zambiri sizitsala pakauntala ya siteshoni, koma zimapita kwa ogulitsa zipangizo ndi kwa makaniko. Galimoto zambiri zimene tikuyendera ndi zakale zochokera ku Japan, zolowa kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, ndipo pafupifupi chitsulo chilichonse chofunika pa galimoto zimenezi chimagulidwa kunja. Kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022, kenaka ndi 44 peresenti mu November 2023, mitengo ya matayala, ma shock ndi ma brake pad inakwera moti munthu ukapita ku Biwi, komwe amagulitsa zipangizo za galimoto, ndi mtengo wa chaka chatha m'mutu umabwerako manja ali m'khosi. Kwa ine, matayala awiri atsopano, ma tie rod end, ndalama ya makaniko ndi alignment zinaposa ndalama ya COF kangapo. Ogulitsa anandikopa ndi matayala a kaunjika, omwe ndi otchipa ndithu, koma tayala lakale likhoza kukhala ndi mano ooneka bwino labala yake itauma kale, ndipo ndinaona kuti sikwanzeru kukonza chiwongolero n'kuikapo tayala limene sindikudziwa zaka zake.

Inshulansi nayo imalowa m'chiwerengero chomwechi, chifukwa lamulo limafuna kuti galimoto iliyonse yoyenda pamsewu ikhale ndi inshulansi, ngakhale ya third party yokha. Ambiri timadula yomweyo poti ndi yotsika mtengo, koma tizikumbukira kuti imalipira anthu ena amene tawavulaza kapena kuwawonongera katundu, osati galimoto yathu. Vuto ndi loti kwa anthu ambiri inshulansi ndi COF zimathera mwezi umodzi, nthawi zina womwewo wa fizi kapena wa feteleza, ndipo m'pamene munthu amayamba kumvera mawu a madobadoba.

Madobadobawa ndinawapeza kunja kwa mpanda, ndipo mmodzi anafika pawindo ndisanazimitse n'komwe injini, n'kunena kuti, "Biggie, musavutike, tingokuthandizani." Nditatuluka ndi pepala lolephera lija anabweranso, ulendo uno akulonjeza kuti iye ali ndi njira zake. Sindikunena kuti amagwirizana ndi anthu a m'kati, chifukwa zimene ndinaona m'katimo zinali zolongosoka, koma ndikuona kuti eni siteshoni akulekerera. Munthu amene wabwera koyamba sangasiyanitse wogwira ntchito ndi dobadoba, poti pachipata palibe womulandira kapena chikwangwani chomuuza poyambira. COF yogulidwa galimoto isanayezedwe imapusitsa wapolisi pa roadblock, koma tie rod end ija imakhala ikusewerabe pansi pa ana amene mwawanyamula.

Zodandaula zina ndi zazing'ono koma zosavuta kukonza. Mitengo sinapachikidwe poonekera, moti aliyense amachita kufunsa, ndipo kusowa kwa chikwangwani chotere n'kumene kumapatsa madobadoba mpata wotchula mtengo wawo. Malo odikirira ndi benchi imodzi pansi pa malata otentha, ndipo amayi ena achikulire anaima nthawi yaitali mpaka wina anawapatsa malo. Chosindikizira ziphaso chitavuta masana, palibe amene anatuluka kudzatiuza chomwe chikuchitika, tinangoona mzere utaima. Kwa woyendetsa minibasi kapena takisi, maola otero ndi ndalama ya tsiku imene bwana wake adzaifunabe madzulo, ndipo mawu ochepa chabe akanamuthandiza kusankha kudikira kapena kubwera mawa.

Nditabwerera galimoto itakonzedwa, woyeza yemwe uja anatsikiranso m'dzenje, anagwedeza chiwongolero, anayang'ana matayala atsopano, ndipo chiphaso chinatuluka mosachedwa. Siteshoniyi ndingaitchule kwa mnzanga popanda mantha, makamaka chifukwa cha woyeza amene amakuonetsa cholakwika m'malo mongokuuza. Amene akufuna kupitako apite m'mawa, pakati pa sabata, kudakali masabata angapo COF isanathe, kuti akabwezedwa akhale ndi nthawi yofunafuna zipangizo pamtengo wabwino galimoto ikadali yololedwa kuyenda. Ayambe wadutsa kwa makaniko wake kuti aone mababu, mabuleki ndi zitsulo zapansi, afunsiretu pakauntala ngati kuyezanso kuli ndi malipiro, ndipo ndalama iliyonse aipereke pakauntala pomwepo n'kulandira lisiti.