BVN: kanema wa Adatchi pa foni, kuno ku Chilenje

BVN ndi kanema waulere amene Adatchi amaulutsira anthu awo okhala kunja, ndipo amapezeka pa intaneti. Ine ndimaonera pa foni kuti makutu azolowere Chidatchi, poti adzukulu anga a ku Utrecht, mzinda wa ku Netherlands, akaimba foni amangosakaniza zilankhulo. Polowa sulipira kanthu, koma bandulo imatha ngati madzi a m'ndowa yobowoka, ndiye ndimaonera mapulogalamu awiri okha n'kuzimitsa.

Zithunzi n'zoyera, mawu amamveka bwino. Koma chimene chimandikoka n'chakuti mwini pulogalamu amasintha ola ndi ola. Pano ndi EO, ya Akhristu, kenako BNNVARA, kenako MAX, ya ife a imvi. Mkamwini wanga ndiye adandimasulira. Kwawo kanema wa dziko, NPO, ndi denga chabe, ndipo pansi pake pali mabungwe okhala ndi mamembala olipira okha m'thumba. Bungwe latsopano limafunika mamembala 50,000 kuti liyesedwe, lokhazikika 100,000, ndipo nduna imapereka chilolezo cha zaka 5. Commissariaat voor de Media ya ku Hilversum imalondera kuti lamulo la 2008 la wailesi ndi kanema likutsatidwa. Nkhani za tsiku ndi tsiku n'za NOS, yomwe ilibe mamembala.

Mu 2022 adalowa limodzi mabungwe awiri atsopano, Omroep Zwart ndi Ongehoord Nederland, amene maganizo awo sadyerana mbale imodzi. Ameneyu wachiwiri adalipitsidwapo chindapusa, ndiye musaganize kuti kulibe mikangano. Komabe ine njira imeneyi ndaikonda. Wofuna kulankhula pa kanema wa dziko ayambe waonetsa anthu amene ali kumbuyo kwake, osati kudziwana ndi akuluakulu. Kuno ku Zambia timalipira levi ya kanema pamwezi, koma palibe amatifunsa kuti tikufuna kumva ndani. Iwo msonkho wapadera wa kanema adauthetsa mu 2000. Ndalama zimachoka ku thumba la boma ndi ku malonda a STER, bungwe loulutsa zotsatsa pa NPO.

Achinyamata ofuna mafilimu a ku America, pano mulibe zanu. Pafupifupi zonse n'za m'Chidatchi, ndipo pa zokambirana zamadzulo amalankhula mothamanga moti ndimangotola mawu awiri atatu. Wophunzira chilankhulochi ayambire pa NOS Journaal, makamaka gawo la zanyengo: mapu ali pomwepo, ndipo mawu a mvula ndi mphepo amabwera tsiku lililonse.