Sefa ya mabakiteriya yoyeretsa biogas: mmene ikugwirira ntchito pa khola langa la nkhumba ku Chipata

Alimi a nkhumba kuno ku Chigawo cha Kummawa amene anamanga dzenje la biogas (gasi wophikira wochokera ku ndowe zowola) amadziwa kuti gasi wa ndowe za nkhumba amanunkha ngati dzira lovunda kuposa wa ndowe za ng'ombe. Fungolo limachokera ku mpweya wa hydrogen sulphide, womwe umadya zitsulo, ndipo ukapsa n'kukumana ndi chinyezi umasanduka asidi wowononga chitofu ndi injini ya jenereta. N'chifukwa chake ndinaitana amisiri a m'tauni kuti andiikire sefa yogwiritsa ntchito mabakiteriya.

Sefayo ndi mgolo wapulasitiki wodzaza tizidutswa ta mitengo ndi zitsononkho, zomwe anazinyowetsa ndi madzi otuluka m'dzenje momwemo kuti mabakiteriya odya sulufule, monga a mtundu wa Thiobacillus, aswane. Gasi amalowera pansi n'kumakwera pang'onopang'ono, ndipo mabakiteriyawo amasandutsa hydrogen sulphide kukhala sulufule, amene amaoneka ngati ufa wachikasu womatirira pa zitsononkho. Masabata oyamba fungo silinasinthe, popeza tizilomboti timatenga nthawi kuti tichuluke, koma tsopano mayi a kunyumba sakutsokomolanso poyatsa moto, ndipo timabowo ta chitofu sitikuchita dzimbiri msanga. Chondisangalatsa kwambiri n'chakuti ndaleka kusakasaka nyenyeswa za chitsulo zomwe sefa yakale inkafuna kawirikawiri.

Pamene sindinakhutire ndi pa malangizo. Amisiriwo anamanga bwino, koma nkhani ya mpweya wakunja anaifotokoza mothamanga, chonsecho ndiyo yofunika koposa. Mabakiteriyawa amafuna mpweya wochepa, pafupifupi 2 mpaka 6 peresenti ya gasi, ndipo ukachuluka ngozi imayandikira, chifukwa methane, mpweya woyaka wa mu biogas, amaphulika akakhala pakati pa 5 ndi 15 peresenti mumpweya. Vavu yolowetsera mpweya wakunjawu m'sefa siyenera kukhala pofikira ana. Amisiriwo sananenenso kuti kuzizira kwa June ndi July kumafooketsa tizilomboti, kapena kuti kutentha kwa October kumaumitsa mgolo, moti pamafunika kuthirira ndi kutsukuluza asidi wodzikundikira m'kati.

Kwa mlimi amene amakhala pakhola tsiku lililonse, sefayi ndi yoyenera ndalama zake. Koma muuze amisiri ayeze gasi ndi chipangizo asanaike sefayo ndiponso ataiika, chifukwa hydrogen sulphide akachuluka kwambiri mphuno imaleka kumva fungo lake.