Chichotsereni patishoni ya /boot, laputopu ikuyenda bwanji

Papita miyezi ndithu chichotsereni ka patishoni ka /boot (kachigawo ka disiki kosunga mafayilo oyatsira kompyuta) pa laputopu yanga ya Ubuntu, ndipo mpaka pano ikuyaka bwinobwino, chi grub rescue chija, chomwe chimabwera pa sikirini kompyuta ikalephera kudzuka, sichinatulukepo olo kamodzi. Vuto linali loti nditafufuta Windows panatsala malo ambiri ongokhala, koma ka /boot ka 500MB kanali pakati penipeni, ndiye root, patishoni yomwe Ubuntu imakhalamo, sikanakula chifukwa GParted, pulogalamu yokonzera ma patishoni, imakulitsa patishoni pokhapokha malo opanda kanthuwo atagundana nayo.

Sindinakasunthire kwina ayi. Ndinangokopera mafayilo ake onse mu foda ya /boot ya mu root momwemo, nkuchotsa mzere wake mu /etc/fstab (fayilo ya mndandanda wa ma patishoni omwe Ubuntu imalumikiza poyaka), kenako grub-install ndi update-grub kuti GRUB, pulogalamu yodzutsa Ubuntu, idziwe malo atsopanowo, nkuzimitsa nkuyatsanso kuti ndione ngati idzuke, itadzuka mpomwe ndinalowa pa live USB (Linux yoyendera pa flash) nkufufuta ka patishoni kakale kaja. Ndondomeko imeneyi osaitembenuza, mukayamba ndi kufufuta patishoniyo, GRUB isakasaka UUID (nambala yozindikiritsa patishoni) yoti kulibenso. Patishoni ya EFI ya FAT32, yomwe kompyuta imayambira kuwerenga ikangoyatsidwa, sindinaikhudze, imeneyo ndi ina, ngakhale imapezeka pa /boot/efi ndipo ambiri amazisokoneza.

Chotopetsa chinali kukokera root kumanzere. Kukulitsa kumanja nkwachangu koma kumanzere data yonse imayenera kusamuka, ndiye mumangokhala mukuyang'ana ka mzere kakukwawa pa sikirini, chaja chili chobaya, mtima uli m'mwamba ngakhale backup ilipo. Ubwino wake UUID ya root sinasinthe, fstab sinafunenso kuigwira.

Phindu lomwe ndaliona kwambiri m'miyezi imeneyi si malo aja ngakhale ndi omwe ndinkafuna, koma ma update. Kale kernel (mtima wa Linux) yatsopano ikabwera, apt, pulogalamu yoikira ma update, imaima panjira nkulemba "No space left on device" poti ma initrd (mafayilo a mu /boot othandiza kernel poyaka) a masiku ano ndi onenepa, ka 500MB kamadzadza msanga. Pano ma kernel abwera kangapo osadandaula chilichonse. Kungoti akale aja akatsalira palibenso chokuchenjezani, ndiye apt autoremove yowachotsayo ndimaiyendetsabe mwa apo ndi apo.

Amene root yanu ili pa LUKS (yotsekedwa ndi pasiwedi) musatengere ine, Ubuntu imaika /boot payokha dala kuti GRUB iwerenge kernel disiki isanatsegulidwe, inuyo bola kungoikulitsa.