Kamera ya ZWO ASI174MM pojambula chombo chikugunda pa mwezi

Kwa aliyense amene ali ndi telesikopu yake ndipo akufuna kujambula kuthwanima kumene kumaoneka chombo cha m'mlengalenga chikagunda pa mwezi, ndikuona kuti kamera ya ZWO ASI174MM ndi yoyenera kuiganizira. Kuthwanima kotere kumazimirira sekondi isanathe, choncho chofunika kwambiri ndi liwiro, ndipo kamerayi imatha kujambula zithunzi zoposa 100 pa sekondi. Sensa yake (kachipangizo kolandira kuwala) ya Sony IMX174 imatenga chithunzi chonse nthawi imodzi, osati mzere ndi mzere. Siionetsa mitundu, koma kwa ine umenewu ndi ubwino, chifukwa kuwala kofooka sikutayika m'magalasi osefa mitundu. Imafuna kompyuta yokhala ndi USB 3.0 komanso malo ambiri osungira mavidiyo.

Komabe wogula adziwe kuti kamera yabwino payokha siikwanira. Pamene chombo cha LCROSS chinagunda pa mwezi m'chigwa cha Cabeus pa 9 Okutobala 2009, anthu ambiri anachezera pa matelesikopu awo koma fumbi limene ankayembekezera silinaoneke, ngakhale pa telesikopu yaikulu ya ku Palomar ku America. Kuthwanima kwa chombo china cha SMART-1, chimene chinagunda pa mwezi mu 2006, kunajambulidwa, koma ndi telesikopu yaikulu ya mamita 3.6 ya ku Hawaii.