Habu ya ENO Eccentric pa njinga ya fixed yokwerera zitunda: imagwira ntchito, koma giya musankhe nokha

Amene mukufuna kusandutsa njinga yanu ya pamsewu kuti ikhale fixed (ya giya imodzi, yomwe mapedulo saima tayala likamazungulira) chifukwa cha sizoni ya ma hill climb, mipikisano yokwera zitunda, kuno ku Britain, musathamangire zochepetsa kulemera, yambani mwadzifunsa kuti tcheni mudzaikunga bwanji. Felemu za track, njinga zopikisanira m'bwalo, kumbuyo kwake kuli mpata wautali woti tayala lizisunthira m'mbuyo mpaka tcheni italimba. Felemu za pamsewu za masiku ano ayi, tayala limangolowa pamalo amodzi basi, silisuntha. Pa single speed wamba, ya giya imodzi yomwe umatha kuleka kupalasa njinga ikuyendabe, anthu amaikapo kachitsulo ka sipuling'i kokoka tcheni, koma pa fixed musayerekeze dala, mukangokanikiza mapedulo chobwerera tcheni ya m'munsi imakungika mwamphamvu ndiye kachitsuloko kamapindika kapena kuthyoka kumene. Apa mpamene habu (chitsulo cha pakati pa tayala pomwe pamakoledwa masipoko) ya ENO Eccentric ya White Industries, kampani ya ku California, imathandizira, ndipo ndi imene ili pa njinga yanga.

Nzeru yake ndi yapafupi. Mabawuti ogwira felemu sali pakati penipeni pa habu, anawapatutsa ndi 7.5mm, ndiye ukamazunguza ekiselo tayala lonse limapita kutsogolo kapena kumbuyo, mpata wonse 15mm. Ikumveka yochepa eti? Koma tawerengani. Ukawonjezera dzino limodzi pa sipoketi, giya yakumbuyo, tayala limafuna kusuntha pafupifupi 3mm, ndipo ukachotsa link imodzi yathunthu (tizidutswa tiwiri tolumikizana) pa tcheni limasuntha 12.7mm. Ndiye 15mm ija ikuposa link imodzi, kutanthauza kuti giya iliyonse imene mungaganize ilipo njira yoikungira, osavutika ndi zija zosakasaka giya ya mwayi yoti ingokwanira yokha pa felemu yanu. Kwa munthu wa ma hill climb nkhani yagona pamenepa, chifukwa chitunda cha Lamulungu lino si cha Lamulungu linalo, sipoketi umangosinthasintha mwezi wonse wa Okutobala.

Kumanga kwake kumafuna mtima. Umamasula mabawuti pang'ono, kuzunguza ekiselo ndi sipanala mpaka tcheni italimba, kenako kugwira pomwepo uku ukumanga, apo ayi imabwerera pang'ono iwe osadziwa. Musaikunge poyamba pomwe mwaigwira. Zunguzani pedulo pang'onopang'ono muona kuti pali pamalo pena tcheni ikulimba kuposa pena paliponse, chifukwa palibe giya yakutsogolo yomwe ndi yozungulira ndendende, ndiye mukungire pamalo polimbapo, pazitsala kampata koti ukaidina ndi chala izigwedera pang'ono. Tcheni yokungitsa imalira kwekwekwe ndipo imadya mphamvu zomwe mumafuna kusunga zija. Komanso zala kutali tayala likamazungulira. Pa fixed tcheni siima, chala chikalowa pakati pa tcheni ndi mano chapita.

Chimene anthu amadandaula nacho pa habu zamtunduwu ndi choti ukazunguza ekiselo tayala silimangopita kutsogolo ndi kumbuyo, limakweranso kapena kutsika, ndiye mabuleki akumbuyo amaphonya limu, umachita kuwasunthanso. Zoona zimenezo. Koma pa hill climb nkhawa imeneyi palibe, buleki yakumbuyo umaichotsa. Malamulo a Cycling Time Trials, bungwe loyendetsa mipikisanoyi, amalola fixed yokhala ndi buleki yakutsogolo yokha bola sipoketi ikhale yotsekedwa ndi lockring, mphete yachitsulo yoiletsa kumasuka. Chipewa choteteza mutu ndi magetsi, lakutsogolo ndi lakumbuyo, nazo nzofunika masiku ano ngakhale mpikisano uli wa mphindi ziwiri dzuwa likuswa mtengo. Lamulo loti kulemera kwa njinga kusachepere 6.8kg ndi la UCI, bungwe la mipikisano ya njinga pa dziko lonse lapansi, kuno kulibe, nchifukwa chake mumaona anthu atadula mahandulo ndi sowo, ena atasenda chishalo mpaka kutsala chigoba.

Pa zolemera ndinene chilungamo, habuyi si yopepuka kuposa zonse, ndi chitsulo chopangidwa kuti chikhalitse, ndipo amene amayeza bawuti iliyonse pa sikelo adzakwinya nkhope. Ine sizindivuta chifukwa taonani zomwe zachoka: ma derailleur (zitsulo zosamutsa tcheni) onse awiri, kaseti ya masipoketi akumbuyo, zosinthira magiya, mawaya ake, buleki yakumbuyo, giya imodzi yakutsogolo, ndi tcheni yafupika. Mtengo nawo si wamasewera, ndipo musaiwale kuti mukugula habu yokha, pafunika limu, masipoko ndi munthu wodziwa kuluka tayala, zonsezo ndi mapaundi ena. Mtundu wa masiku ano mbali ya fixed imalandira masipoketi a kampani yomweyo, olowa m'mipata kenako nkutseka ndi lockring, osati ochita kupotokola aja. Ubwino wake sipoketi singatsetsereke olo muponde bwanji ndipo kusintha nkosavuta, kuipa kwake masipoketi akale a track omwe ali m'bokosi mwanu aja sakulowa, mugula ena. Onaninso felemu yanu kaye. Habuyi ndi ya felemu zakale zija za quick release, zomwe tayala umalimasula ndi dzanja, za pamsewu zambiri zimakhala 130mm kumbuyo, ya thru axle, yomwe ekiselo imabooleza felemu, iwalani. Ndipo tcheni iyende mowongoka kuchoka kutsogolo mpaka kumbuyo, mukaiyang'ana chakumbuyo isaoneke yopendekeka, nthawi zina umasamutsa giya yakutsogolo kuiika mkati kapena kunja kwa crank, chitsulo chogwira mapedulo, kuti zigwirizane.

Tsono habu yatha ntchito yake, yatsala yanu, ndipo iyi palibe sitolo ingakugulitseni. Giya. Kuno amawerenga m'mainchi: mano akutsogolo kugawa ndi akumbuyo, kuchulukitsa ndi 27. Ndiye 39x21, mano 39 kutsogolo 21 kumbuyo, ndi mainchi 50, 39x20 ndi pafupifupi 53, 42x21 ndi 54, 42x19 yatsala pang'ono kukwana 60. Pa 39x20 kupalasa kamodzi njinga imayenda mamita 4.1, ukamazunguza ka 90 pa mphindi uli pa 22km pa ola, phiri likakuimika nkutsika kufika ka 60 uli pa 15 yosakwana. Masamu amenewa chitani musanapite, muyerekeze nthawi yomwe mungakwere chitundacho ndi kutalika kwake, mupeze liwiro, kenako giya. Maganizo anga, mukakayika pakati pa ziwiri tengani yofewa. Poyambira munthu wakugwirirani chishalo, miyendo ili fuleshi, anthu akukuwa ndi mabelu, giya yolimba imakoma zedi, umadziona ngati ndiwe katswiri. Dikirani pomwe msewu waimirira. Pa njinga ya magiya umatsitsa, pa fixed pedulo ikakana kudutsa pamwamba basi wagwa chammbali mapazi ali omangika. Giya yofewa ikakutaitsa imakutaitsa masekondi pang'ono, yolimba imakutsitsa panjinga anthu akuona.

Nanga bwanji kuvutika chonsechi? Chifukwa pa chitunda choyenera palibe chokoma ngati fixed. Tayala limakankha mapedulo kudutsa paja miyendo imafookera, tcheni ndi yowongoka, palibe kuganiza zosintha giya mutu utazungulira, ntchito nkuponda basi. Mipikisanoyi inakulira pa njinga zotere, wa kalabu ya Catford CC unayamba mu 1887 ndipo masiku ano umachitikira pa Yorks Hill ku Kent, pomwe pena pamafika 25%. Ku Monsal Head ku Derbyshire, kachitunda kosakwana mamita 700, Malcolm Elliott anakwera mphindi imodzi ndi masekondi 14.2 mu 1981, nthawi yomwe anthu akhala akuithamangitsa zaka zambirimbiri ndi njinga zopepuka kuposa yake. Zitunda zazifupi, zotsetsereka mofanana kuyambira pansi mpaka pamwamba, ndiye kwawo kwa fixed.

Koma osaumirira paliponse. Mpikisano wa dziko lonse wa 2023 unali pa chitunda cha The Struggle kuchokera ku Ambleside, mtunda wopitirira makilomita 4 womwe pakati pake msewu umagona mpaka kutsikako pang'ono usanaimirirenso kumapeto, ndipo Andrew Feather anapambana pa njinga ya magiya. Pamalo potero giya ya mainchi 53 miyendo izingopukusa mphepo anzanu akukusiyani, mukaika yolimba kumapeto simukwera. Pamenepo habu olo ikhale yabwino bwanji sikuthandizani.

Ndiye ndingaigulenso? Eee, kwa munthu amene ali kale ndi felemu yopepuka ya mabuleki a pa limu yomwe ikungokhala, ndipo mipikisano yomwe amalowa ndi yaifupiyaifupi. Ngati muli ndi felemu ya track yoboola kale poika buleki yakutsogolo, ndalamazo sungani, habu wamba ya track ikukwanirani. Chomaliza, allen key ndi sipanala zizikhala m'thumba tsiku la mpikisano chifukwa tayalali silichoka ndi manja, ndipo mukafika pamwamba akakugwirani nkupuma, kumbukirani kuti potsika muli ndi buleki imodzi ndi miyendo yomwe yatheratu. Ine pakatsetsereka kwambiri ndimatsika nkumaikankha.