Thupi la ndege ya kit: kutsata buku mpaka kumapeto kapena kusiya malata ena osatseka?

Anzanga amene mukumanga ndege za kit, zija zogula m'zidutswa n'kulumikiza nokha, m'magaraja mwanu, mchira ndi mapiko sizivuta kuganiza, umangotsata mapepala. Koma ukafika pa thupi la ndege, fuselage ija, ndi pomwe anthu amagawikana pawiri.

Gulu loyamba limati buku la fakitale ndiye lamulo, tsamba ndi tsamba, osadumpha. Pa ndege ya RV-7 ya kampani ya Van's Aircraft ya ku Aurora, Oregon, umayamba ndi firewall, chitsulo chija chosachita dzimbiri chomwe chimalekanitsa injini ndi anthu, kenako ma bulkhead (mafelemu opingasa mkati mwa thupi) ndi chigawo chapakati pomwe mapiko adzalowe, kupinda ma longeron (zitsulo zazitali zoyenda m'litali mwa thupi), kulumikiza mbali ya kumchira, thupi lonse lili chafufumimba ngati bwato lovundikira, mpaka tsiku lomwe mumalitembenuza. Apa ine ndili nawo limodzi kwathunthu. Dongosolo limeneli silinabwere mwangozi, rivet ya mtundu wa solid imafuna munthu wina mkati atagwira bucking bar (chitsulo cholemera chotsamiritsa kuseri kwa rivet) pomwe mnzake akuwomba ndi mfuti ya rivet kunja, ndiye ukalumpha sitepe imodzi upeza pali bowo lomwe dzanja silingafikenso. Pa mafupa a ndege musachite zanzeru zanu ayi.

Gulu lachiwiri limavomereza zonsezo koma limati usathamangire kutseka. Lata la pamwamba kutsogolo kwa panel (pomwe pamakhala ma geji a woyendetsa), pansi pa malo a katundu, ngakhale lata la pamwamba kumbuyo, uzisiye zitagwidwa ndi ma cleco okha (timapini togwirizira malata mongoyembekezera) kufikira mawaya, mapaipi a mafuta, a mabuleki ndi timachubu ta static (topititsa mpweya ku ma geji) zitadutsa. Ndipo apa ndi pomwe mtima wanga uli. Ndinathandizapo mnzanga wina yemwe anatseka pansi pa katundu chifukwa chofuna kuona ndege ikuoneka ngati ndege, patapita miyezi wakumbukira kuti sanadutsitse conduit, paipi yodutsamo mawaya opita kumchira, tinakhala Loweruka lonse tikuchotsa marivet imodzi imodzi ndi dirilo ya #30, mabowo awiri anakula mpaka tinachita kuikamo marivet okulirapo. Munthu amene anagonapo chagada pansi pa panel, miyendo ili pamwamba pa mpando, tochi ili mkamwa, akufuna kumanga waya umodzi kuseri kwa ma pedal, sangakuuzeni kuti mutseke lata lakutsogolo msanga.

Komabe njira yachiwiriyi ili ndi vuto lake. Ukasiya zambiri zosatseka umaiwala zomwe unadumpha, makamaka poti ntchitoyi imatenga zaka, ndiye pamafunika kope lolembamo ndi tepi yomata pa rivet iliyonse yomwe sinawombedwe. Chinanso, lata lija ukamadzalitseka mochedwa kuseri kwake kumakhala kutadzaza mawaya ndi mabokosi a wailesi, bucking bar ilowera pati? Ganizirani zimenezo musanamange bokosi lililonse.

Mtundu wa kit umasinthanso nkhani. Amene muli ku Joni mwina mwaonapo Sling, yomwe amapanga ku Tedderfield kufupi ndi Johannesburg, iyo komanso Zenith CH 750 zimagwiritsa kwambiri marivet okoka ochokera kunja, munthu mmodzi amatha yekha, choncho kusiya lata mpaka mochedwa sikupweteka kwenikweni. Ukagula QuickBuild, kit yomangidwa kale pang'ono, ndiye zambiri zimabwera zitatsekedwa kale, mpata wosankha umachepa, ungoyang'ana bwino pomwe mawaya adutse.

Ndikanati ndikuyamba mawa, firewall mpaka kutembenuza bwato ndikanatsata buku mzere ndi mzere, koma pansi pa katundu sindingatseke conduit ndi masitepe okwerera zisanalowe, ndipo lata la pamwamba pa panel lingakhale pa ma cleco mpaka magetsi onse nditawayesa kuti akuyaka.